Mamba wa ku Dwangwa ndi Ana a M'mapiri

Mchewa akakumana ndi mlendo sathamangira kumufunsa za ntchito imene amagwira. Funso loyamba limakhala lakuti, "Kwanu n'kuti?" Yankho limene amaliyembekezera ndi boma, mfumu yaikulu ndi mudzi kumene kuli manda a makolo ake, osati tauni imene mlendoyo akuchitako lendi. Komatu wosewera mpira wamiyendo ali ndi kwawo kuwiri. Kwina n'kumene kunakwiriridwa mchombo wake. Kwinako n'kumene anavalira nsapato zampira koyamba, kumene munthu wina wamaso anamuona akuthamanga n'kulemba dzina lake m'kabuku. Kwawo kwachiwiriku ndi kumene ndikufuna kuti tikambirane, ndipo wotitsogolera pa ulendowu akhale Esau Kanyenda, katswiri womwetsa zigoli amene ochemerera anam'patsa dzina loti Black Mamba. Pa nkhani ya mpira, kwawo kwa Kanyenda ndi ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota.

Ine ndine mwana wa m'mapiri a Ntchisi, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ya m'boma ndazithera ku Dowa ndi ku Ntchisi komweko. Kwa ife Nkhotakota si kutali. M'nthawi ya atsamunda, pamene Ntchisi inkadziwika ndi dzina loti Visanza, dera lathu linkalamulidwa kuchokera ku Nkhotakota. Mtsinje wa Bua, umene umalambalala maboma athu awiriwa, umakathira m'nyanja m'boma lomwelo, ndipo msewu wochokera ku Kasungu umadutsa pa Malomo n'kutsetserekera kunyanja kudzera m'nkhalango yosungirako nyama. Abale athu ambiri anatsika ndi msewu umenewu kukadula nzimbe. Kanyenda anabadwa pa 27 Sepitembala 1982, choncho ndi wamsinkhu wanga. Pamene iye ankachinya zigoli ku Dwangwa, ife anzake a kumtunda tinkakankha chikulunga pa mabwalo otsetsereka a sukulu zapulaimale. Funso limene landisautsa kwa nthawi yaitali ndi ili: zinatheka bwanji kuti mnyamata achoke pakati pa minda ya nzimbe n'kukafika ku Moscow, pamene njira ya anyamata a m'mapiri imathera pa Mponela?

Yankho lake lili m'mbiri ya mpira wa dziko lino. Tawerengani maina a matimu amene tinakula tikuwamva pa wailesi ya MBC: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, ADMARC Tigers, Hardware Stars, MDC United, Sucoma, Silver Strikers, Civo, Red Lions, Blue Eagles. Kuseri kwa dzina lililonse kunali mwini wake. Bata inali kampani ya nsapato, Limbe Leaf ya fodya, ADMARC bungwe logula mbewu kwa alimi, Sucoma kampani ya shuga ya ku Nchalo. Silver Strikers inabadwira m'banki yaikulu ya dziko lino, Civo pakati pa ife ogwira ntchito m'boma, Red Lions kwa asilikali, Blue Eagles kwa apolisi. Wosewera wa masiku amenewo sankadyera mpira wokha. M'mawa ankakhala kalaliki, dalaivala, wogulitsa m'sitolo kapena msilikali, ndipo dzuwa likapendeka abwana ankamumasula kuti akakonzekere masewero. Kampani inkagula yunifolomu, inkapereka galimoto yopitira ku masewero akutali, inkatchetcha bwalo. Pamene ligi yaikulu ya dziko lonse inkayamba mu 1986, matimu a mtundu umenewu ndi amene anali msana wake. Mpira wa m'Malawi unkamera pamene pali malipiro a pamwezi, monga mmene bowa amamerera pachulu.

Dwangwa ndi tauni imene inabadwa ndi nzimbe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunatsegulidwa minda ikuluikulu m'chigwa chimene mtsinje wa Dwangwa umathirira m'nyanja, pamodzi ndi fakitale yogaya nzimbezo. Mu 1982, chaka chimene Kanyenda anabadwa, kunatsegulidwanso fakitale yopanga mafuta a ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga. Sindikunena kuti kunali ku paradaiso. Anthu anasamutsidwa pamalo a makolo awo kuti nzimbe zipeze pomera, ndipo aliyense amene anagwirako chikwanje m'munda wongotenthedwa kumene akudziwa kuwawa kwa ndalama yake. Koma kampani inasonkhanitsa anthu zikwizikwi pamalo amodzi: Achewa, Atonga, Atumbuka, Alomwe, Asena, Ayao. Inamanga nyumba m'mizeremizere, ndipo pofuna kuti antchito ndi ana awo akhale ndi chowasangalatsa Loweruka ndi Lamulungu, inakonza bwalo n'kukhala ndi timu. Timuyo inatenga dzina la kampaniyo, Dwangwa Sugar Corporation, limene anthu analidula kukhala Dwasco.

Mnyamata wosewera pamalo otere ali ndi zinthu zitatu zimene mnzake wa kwa Nthondo kapena kwa Kayembe alibe. Choyamba ndi bwalo lathyathyathya, lokhala ndi kapinga ndi magolo osagwa ndi chiswe, monga la Chitowe la ku Dwangwa. Chachiwiri ndi masewero osadukiza, sabata ndi sabata, pansi pa mphunzitsi amene amadziwa chimene akufuna. Chachitatu, chomwe n'chachikulu kuposa zonse, ndi maso. Matimu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akatsikira kunyanja ankabwera ndi atolankhani, oulutsa mawu pa wailesi ndi akuluakulu oyendetsa mpira. Wosewera akachinya zigoli ziwiri Loweruka, Lolemba dzina lake linkawerengedwa m'nyuzipepala. Kanyenda anayamba kusewera m'timu ya Dwasco asanakwanitse zaka 20, ndipo liwiro lake ndi kusaopa kwake pamaso pa otchinga kumbuyo sizinabisike.  

Mu 2001 anawoloka Limpopo kukalowa timu ya Jomo Cosmos ya ku Johannesburg. Njira imeneyi si yachilendo kwa Mmalawi. Agogo athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi anaiyenda kalekale kudzera ku Wenela ndi ku Theba, kukakumba golide ku Joni, mpaka pamene kulemba anthu a kumigodi kunatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Osewera mpira anatsata mapazi omwewo. Ernest Mtawali anapitako m'nthawi ya tsankho, pamene South Africa inali yoletsedwa kusewera mpira ndi maiko ena, ndipo anatchuka ku Bloemfontein Celtic akudziwika ndi dzina loti Chirwali. Kanyenda anapita zipata zitatseguka, tsankho litatha. Jomo Cosmos sinali timu ya kampani. Inali ya munthu mmodzi, Jomo Sono, amene anaitcha dzinalo pokumbukira New York Cosmos kumene iye anasewerako. Sono ankadziwika ndi diso lotola anyamata osadziwika, kuwasula, n'kuwagulitsa ku Ulaya. Mark Fish ndi Phil Masinga anadutsa m'manja mwake. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo m'banja lochokera kuno ku Malawi, anachoka ku Cosmos komweko mu 2002 n'kudzafika mpaka ku Portsmouth ndi Manchester City. Choncho Kanyenda anali atalowa pamsika pamene ogula a kutsidya kwa nyanja ankaimapo.

Mu 2003 anagulidwa ndi timu ya mumzinda wa Rostov, kummwera kwa Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Don. Apa ndi pamene ndikupempha owerenga kuti ayang'anitsitse maina. Timuyo inali itangosintha dzina chaka chomwecho. Kwa zaka zambiri inkatchedwa Rostselmash, lomwe ndi dzina la fakitale yaikulu yopanga makina okololera tirigu. Mnyamata wochokera ku timu ya fakitale ya shuga anakafikira ku timu yobadwira m'fakitale ya makina aulimi. Anakapezako anzake a kuno kummwera kwa Africa, monga Matthew Booth wa ku South Africa ndi Gift Kampamba wa ku Zambia, chifukwa zaka zimenezo matimu a ku Russia anali ndi ndalama ndipo ankasaka osewera kuno. Ligi ya kumeneko inkayamba mu Malichi n'kutha mu Novembala pothawa chisanu, komabe masewero oyambirira ndi otsiriza ankaseweredwa pa kuzizira kumene ife a ku Ntchisi, amene timadzitama ndi chisanu cha mu Juni, sitingathe n'kukuyerekeza komwe. Chilankhulo chachilendo, zilembo zachilendo, chakudya chopanda nsima. Kanyenda anapirira, ndipo anachinya.

Mu 2005 anamutenga a Lokomotiv Moscow, amene anali atangopambana ligi ya Russia mu 2004. Lokomotiv ndi timu ya anthu a njanji. Apa ndiye panali pansonga pa phiri lake, koma pansonga pamakhala mphepo. Akatswiri anali ambiri, malo anali ochepa, ndipo mwayi wosewera unamuchepera. Mu 2006 ndi 2007 anabwerekedwa ku Rostov komwe kuja. Mu 2008 anapita ku KAMAZ, timu ya fakitale ya malole ya mumzinda wa Naberezhnye Chelny, imene inkasewera m'ligi yachiwiri. Kenaka anadutsa ku Rotor Volgograd, imene chiyambi chake chinali fakitale ya mathirakitala, ndi ku Dynamo Bryansk. Shuga, makina okololera, njanji, malole, mathirakitala. Munthu atati alembe maina a eni matimu amene Kanyenda anasewera, angaganize kuti akuwerenga za munthu wofunafuna ntchito ya umakaniko. Anakhala ku Russia zaka pafupifupi 9, kutali ndi kwawo kuposa mmene agogo athu a ku Theba analotapo, koma kulikonse kumene ankapita ankapeza chinthu chomwe chija anachisiya ku Dwangwa: tauni ya antchito imene inadzimangira bwalo.

Ife kumudzi sitinkaona masewero a ku Russia. Kanyenda tinkamuona akabwera kudzavala malaya ofiira a Flames. Pa 31 Meyi 2008, pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, Malawi inagonjetsa Djibouti ndi zigoli 8 kwa 1, ndipo zitatu mwa izo zinali zake. Patangopita masabata awiri, pa bwalo lomwelo, Egypt, imene inali itangotenga chikho cha Africa chaka chomwecho, inagwa 1 kwa 0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri, amenenso pa unyamata wake anali mwana wa Bata Bullets. Ulendo umenewo unathera ku Angola, kumene Malawi inasewera m'mpikisano wa chikho cha Africa kwa nthawi yoyamba chichokere ku Ivory Coast mu 1984. Pa 11 Januwale 2010, mumzinda wa Luanda, Flames inakwapula Algeria 3 kwa 0, Algeria yomweyo imene inali pa ulendo wa ku mpikisano wa dziko lonse lapansi chaka chimenecho. Zigoli anamwetsa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, Kanyenda akusautsa adani kutsogolo. Ine ndinaonera masewerowa m'kanyumba koonetsera kanema pa Madisi, jenereta ikulira kuseri, anthu atapanikizana ngati mabelo a fodya m'lole. Kenaka tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera kwathu, koma tsiku limene lija palibe amene anatilanda.

Atachoka ku Russia anadzera ku Denmark kwa kanthawi, n'kubwerera ku South Africa kumene anasewera Polokwane City kwa zaka zingapo. Mu 2017, ali ndi zaka pafupifupi 35, anabwera kudzasewera mpira wa kuno kwathu m'timu ya Wanderers, ndipo chaka chomwecho timuyo inatenga ligi kwa nthawi yoyamba chichokere mu 2006. Koma taonani dzina limene linali kutsogolo kwa Wanderers pa nthawiyo. Limbe Leaf inali itachoka kalekale. M'malo mwake munali Be Forward, kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Kusintha kwa dzinako kukunena zambiri za zimene zinachitikira dziko lino pamene Kanyenda anali kunja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makampani aboma anayamba kugulitsidwa, ena anatsekedwa, ndipo eni atsopano ankawerengera tambala iliyonse. Timu ya mpira inali m'gulu la zinthu zoyamba kudulidwa. Maina a Hardware Stars ndi MDC United anazimirira. ADMARC inasiya Tigers. Minda ya ku Dwangwa inalowa m'manja mwa Illovo mu 1997, dzina loti Dwasco m'kupita kwa nthawi linasanduka Dwangwa United, ndipo timuyo yakhala ikukwera ndi kutsika m'ligi yaikulu. Makwerero amene Kanyenda anakwerera anathothoka mapondero ena iye atangodutsa.

Tsopano tibwerere kumtunda. Dowa ndi Ntchisi si maboma aulesi. Fodya, mtedza, soya, chimanga ndi mbatata ya kachewere zimene zimadyetsa Lilongwe, zambiri zimachokera m'mapiri ndi m'zigwa zathu. Koma chuma chathu ndi cha mlimi wam'munda mwake, amene amaona ndalama kamodzi pachaka. Fodya wathu amakagulitsidwa ku Kanengo, ndipo fakitale, malipiro a pamwezi ndi bwalo lakapinga zimatsalira komweko. Chimene mbiri inatisiyira ife ndi mishoni ndi sukulu. Mishoni yoyamba ya mpingo wa Dutch Reformed m'dziko muno inakhazikitsidwa ku Mvera mu 1889, ndipo sukulu ya Robert Blake ku Kongwe yaphunzitsa anthu ambiri otchuka. Njira imeneyo inatulutsa aphunzitsi, abusa, alembi ndi ife a m'maofesi. Mwana wanzeru za m'kalasi wa kwathu amadziwa kolowera. Mwana wanzeru za m'mapazi alibe khomo. Mponela United inayesa, inafika m'ligi yaikulu mu 2013, koma sinakhalitsemo. Kuyendetsa timu kuchoka ku Dowa kupita ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Zomba sabata ndi sabata kumafuna thumba limene silidalira mvula.

Ndikamanena izi ndimakumbukira mnzanga wina amene tinali naye sukulu imodzi yapulaimale kuseri kwa phiri la Ntchisi. Anali wamanzere, wamfupi, wosalankhulalankhula. Ankatha kumenya chikulunga kuchokera pakati pabwalo n'kukapyoza pakati pa nsungwi ziwiri zimene tinkazitcha golo. Aphunzitsi ankamuika m'timu ya a Sitandade 8 iye ali Sitandade 5. Sanasankhidwe kupita ku sekondale. Anasewera m'timu ya m'mudzi zaka zingapo, akupambana mbuzi ndi mabotolo a zakumwa, kenaka anakwatira n'kupita kukalowa utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Sindinganene kuti akanafika ku Moscow. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa za mpira amene anamuonapo akusewera. Sanalephere mayeso ampira. Mayesowo sanafike kwawo.

Ena anganene kuti luso lenileni silibisika, ndipo angapereke chitsanzo cha Tabitha Chawinga, amene anachokera kumudzi ku Rumphi n'kukafika ku Ulaya. N'zoona. Koma naye anayamba wasamukira ku Lilongwe, m'timu ya DD Sunshine, asanapite ku Sweden mu 2014. Anafunika kupeza kwawo kwachiwiri. Mwana aliyense amene anapyola anadutsa pa tauni ina, pa bwalo lina, pamaso pa munthu wina. Amene analibe ndalama yabasi kapena mbale womusunga m'tauni anatsala.

Chimene chimabwera kwathu m'malo mwa ligi ndi zikho za nyengo. Chisankho chikayandikira, mipira ndi mayunifolomu olembedwa maina a anthu zimatuluka m'magalimoto, matimu amabadwa usiku umodzi, fainolo imaseweredwa pamaso pa alendo olemekezeka, ng'oma zikulira. Mavoti akawerengedwa bwalo limamera tsekera. Sindikunyoza mphatso, pakuti mwana wopanda mpira amayamika uliwonse umene wapatsidwa. Koma mbiri ya Dwasco ikutiphunzitsa kuti wosewera amakula ndi zinthu zosasangalatsa kuzijambula: munthu wotchetcha bwalo Lachinayi lililonse, ndandanda ya masewero imene imatsatidwa chaka ndi chaka, kaundula wa maina ndi zaka zobadwa za osewera, galimoto imene imafikadi pa nthawi yake.

Fakitale ya shuga sidzabwera pa Khuwi kapena pa Nambuma, ndipo kuidikira n'kutaya nthawi. Koma malipiro a pamwezi alipo ndithu m'maboma athu, kungoti ndi omwazikana. Ali m'sukulu, m'makhonsolo, m'zipatala, m'mipingo ndi m'magulu a alimi amene amagulitsa mbewu pamodzi. Mphunzitsi mmodzi pa zoni iliyonse ataphunzitsidwa zosula osewera, khonsolo itasalaza bwalo limodzi pa Malomo ndi lina pa Madisi n'kuliteteza kwa omanga magolosale, gulu la alimi litapatula matumba angapo a soya pachaka kuti lilipire mayendedwe a ligi ya achinyamata, tingakhale tachita pang'onopang'ono chimene kampani imodzi inachita ku Dwangwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli n'lolemera moti ngakhale makampani analitula pansi. Ife ogwira ntchito m'boma, amene timalemba mapulani a chitukuko cha maboma, ndi amene timasankha ngati mzere wa masewero ulembedwe kapena ufufutidwe ndalama zikachepa.

Esau Kanyenda anasewera m'maiko anayi: Malawi, South Africa, Russia ndi Denmark. Mphamvu zinali zake, kupirira kunali kwake, ndipo palibe kampani imene ingadzitame kuti inamuphunzitsa kulimba mtima pa chisanu cha ku Rostov. Koma khomo loyamba linatsegulidwa ndi tauni yaing'ono ya nzimbe imene inali ndi bwalo, timu ndi alendo obwera kudzaonera. Kuchoka pa Malomo kukafika pa bwalo la Chitowe ndi ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto. Anyamata ndi atsikana amene akukankha chikulunga madzulo ano kwa Chikho, kwa Dzoole ndi kwa Msakambewa akadzafunsidwa kuti kwawo kwa mpira n'kuti, ndikufuna adzathe kutchula dzina la malo a m'mapiri momwe muno.